Mankhwala opha khansa ndi njala: mafunso ndi mayankho pa asparaginase

Mwana akapezeka ndi khansa ya m'magazi, makolo amamva mayina a mankhwala ambirimbiri, ndipo onse amawatcha kemo. Ambiri mwa mankhwalawa amalowa m'selo la khansa n'kuononga zam'kati mwake. Pali amodzi amene salowa m'selo n'komwe. Amangoyandama m'magazi n'kumaphwanya chakudya china chimene selo la khansa silingakhale popanda icho. Dzina lake ndi asparaginase. Ine ndimaona kuti makolo, ophunzira unamwino ndi aliyense wosamalira wodwala ayenera kumvetsa njala imeneyi, chifukwa mphamvu ya mankhwalawa ndi kuopsa kwake zonse zimachokera pamenepo.

Kodi chakudya chimene mankhwalawa amaphwanya n'chiyani?

Thupi lathu limamangidwa ndi mapuloteni, ndipo puloteni iliyonse ndi mndandanda wa tizidutswa totchedwa ma amino asidi. Alipo a mitundu 20. Tiwayerekeze ndi njerwa za mitundu 20, zimene womanga amaziyala motsata pulani, iyi pambuyo pa iyi, osadumpha ngakhale imodzi. Njerwa ya mtundu umodzi ikasowa, khoma limaima pomwepo ngakhale zina 19 zitaunjikana pabwalo, chifukwa palibe yolowa m'malo mwa inzake.

Mitundu 9 thupi silitha kuiumba, ndiye timaipeza m'nyemba, usipa, mazira, mtedza, soya ndi zakudya zina zomanga thupi. Yotsalayo maselo amadziumbira okha. Imodzi mwa yodziumbirayo ndi asparagine, amino asidi yoyamba kupezedwa ndi asayansi. Akatswiri awiri a ku France, Vauquelin ndi Robiquet, anaitulutsa m'madzi a ndiwo yotchedwa asparagus mu 1806, ndipo dzina lake linachokera pamenepo.

Asparaginase ndi enzayimu, kutanthauza puloteni yodula zinthu zina. Ikakumana ndi asparagine imaigawa pawiri, n'kutsala asidi wina wotchedwa aspartic ndi amoniya. Akabaya jakisoni kapena kuika diripi, pasanathe maola ambiri asparagine ya m'magazi imakhala itatheratu, ndipo imakhalabe choncho kwa masiku kapena milungu, malinga ndi mtundu wa mankhwala.

Nanga ngati magazi onse atha asparagine, bwanji maselo abwino safa limodzi ndi a khansa?

Chifukwa ambiri ali ndi chikombole chawochawo. Chikombolecho ndi enzayimu ina yotchedwa asparagine synthetase, imene imaumba asparagine kuchokera ku zinthu zopezeka kale m'selo. Selo labwino likaona kuti kunja njerwa zasiya kubwera, limatsegula chikombole n'kuyamba kuumba lokha. Limavutika ndithu, koma limapulumuka.

Maselo a khansa ya m'magazi yotchedwa acute lymphoblastic leukaemia, imene madokotala amaifupikitsa kuti ALL, ali ndi enzayimuyi pang'ono zedi. Anazolowera kugula. Amaswana mothamanga, amafuna mapuloteni ambiri, ndipo asparagine yawo yonse amatola m'magazi. Msika ukatsekedwa alibe pogwira. ALL ndiyo khansa yofala kwambiri mwa ana padziko lonse, ndipo m'maiko olemera ana pafupifupi 90 mwa 100 amachira. Asparaginase sachiza yekha, amaperekedwa pamodzi ndi vincristine, prednisolone kapena dexamethasone, ndi ena. Koma kafukufuku waonetsa mobwerezabwereza kuti ana amene sanamalize mlingo wawo wa asparaginase, makamaka amene matenda awo ndi oopsa kwambiri, matenda amawabwerera kawirikawiri kuposa amene anamaliza.

Khansa ina imene imamva mankhwalawa ndi NK/T-cell lymphoma, imene nthawi zambiri imayambira m'mphuno ndipo imapezeka kwambiri ku East Asia ndi ku Latin America. Madokotala a ziweto amawagwiritsanso ntchito pa agalu odwala lymphoma.

Anatulukira bwanji kuti khansa ili ndi kufooka kotere?

Nkhaniyi inayamba ndi mbira, zomwezi timaweta m'khitchini kumudzi. Mu 1953 John Kidd, wa ku yunivesite ya Cornell ku New York, ankafufuza za lymphoma pa mbewa za mu labotale. Madzi a m'magazi a mbira ankawagwiritsa ntchito ngati chothandizira chabe pa kafukufuku wake, koma anadabwa kuona kuti mbewa zimene zinabayidwa madziwo zotupa zawo zinaphwa. Anayesa madzi a m'magazi a kalulu, a hatchi ndi a munthu, osachitika kanthu. Chinsinsi chinali mwa mbira mokha, ndipo iye sanadziwe kuti n'chiyani.

Amene anadzachipeza ndi John Broome kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Anafukula zolemba zakale za mu 1922, za wasayansi wa ku Italy dzina lake Clementi, zonena kuti magazi a mbira ali ndi asparaginase wambiri kusiyana ndi a nyama zina, ndipo anatsimikiza kuti enzayimuyi ndiyo inkapha khansa. Vuto linali lakuti kuchiza munthu mmodzi kukanafuna magazi a mbira zosawerengeka. Njira inatseguka mu 1964, pamene Mashburn ndi Wriston anaonetsa kuti bakiteriya wa m'matumbo, E. coli, amapanga asparaginase wamphamvu chimodzimodzi. Bakiteriya amaswana m'matanki usiku ndi usana. Boma la America linavomereza mankhwalawa mu 1978, ndipo mpaka lero asparaginase yense wopatsidwa kwa odwala amachokera ku mabakiteriya. Tisaiwale mfundo imeneyi, ibweranso pa nkhani ya ziwengo.

Selo likasowa asparagine, m'kati mwake mumachitika zotani?

Selo lili ndi timagalimoto tonyamula ma amino asidi kupita pamalo omangira mapuloteni, kalikonse ndi mtundu wake. Asparagine ikatha, timagalimoto take timafika topanda katundu. Pali mlonda wotchedwa GCN2 amene ntchito yake n'kuona zimenezi. Akangoona opanda katundu achuluka, amaliza belu, ndipo selo limachepetsa kumanga mapuloteni pafupifupi onse. Nthawi yomweyo limadzutsa puloteni ina, ATF4, imene imalamula kuti chikombole cha asparagine chitsegulidwe ndiponso kuti makomo olowetsa ma amino asidi achuluke. Kapitawo woyang'anira kukula kwa selo, mTORC1, nayenso amaimitsa ntchito. Selo limasiya kugawikana, n'kuyamba kugumula zina za m'kati mwake kuti lipezemo njerwa zakale.

Mpaka apa, selo labwino ndi la khansa zikuchita zofanana. Kusiyana kumabwera pa yankho la belu lija. Selo labwino limapeza asparagine yake, ntchito n'kuyambiranso pang'onopang'ono. M'maselo ambiri a ALL, jini yopanga chikombole ndi yotsekedwa, moti lamulo limaperekedwa koma palibe chochitika. Belu likalira nthawi yaitali osayankhidwa, uthenga wake umasintha, ndipo selo limayambitsa ndondomeko yodzipha lokha imene asayansi amaitcha apoptosis. Limafota, limagawika tizidutswa, maselo osesa n'kulimeza.

Pali china chowonjezera. Asparaginase wa mabakiteriya amadulanso glutamine, amino asidi yochuluka kwambiri m'magazi, ngakhale mochepa. Glutamine ndi chimodzi mwa zinthu zoumbira asparagine, ndiye kuichepetsa kumafinya khansa kwambiri. Komanso akatswiri ambiri amaona kuti mbali ya mavuto a mankhwalawa m'thupi imachokera pomwepa, ndipo akuyesa kupanga mitundu yosakhudza glutamine.

Ndi ziwalo ziti zimene zimamva njalayi?

Zimene zimamanga mapuloteni ochuluka tsiku lililonse. Mankhwala ena a khansa amagwetsa maselo ogawikana msanga, n'chifukwa chake tsitsi limathothoka, m'kamwa mumachita zilonda, magazi n'kuchepa. Asparaginase payekha sachita zimenezi kwambiri. Amene amavulala ndi amisiri akuluakulu a mapuloteni, ndipo woyamba ndi chiwindi.

Chiwindi chimapanga albumin, puloteni yosunga madzi m'mitsempha. Ikachepa, mapazi ndi mimba zimatupa, monga timaonera kwa ana osowa zakudya zomanga thupi. Chimapanganso mapuloteni onyamula mafuta kuwatulutsa m'chiwindimo, ndipo akasowa mafuta amaunjikana m'maselo ake. Maso amachita chikasu, zoyeza za chiwindi zimakwera. Kwa ana ambiri izi zimatha zokha pakapita milungu, koma kwa akuluakulu ndi anthu onenepa kwambiri zimatha kukula mpaka mankhwala ena onse kuimitsidwa. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene akuluakulu odwala ALL amapirira mankhwalawa movutikira kuposa ana.

Chovuta kumvetsa ndi cha magazi. Chiwindi chimapanga mapuloteni oundanitsa magazi, monga fibrinogen, komanso oletsa kuundana, monga antithrombin. Asparaginase amatsitsa onse awiri. Munthu angaganize kuti wodwala azikha magazi, ndipo nthawi zina zimatero, koma chofala ndi kuundana, chifukwa oletsa aja ndi amene amatsika moopsa. Magazi amaundana m'mitsempha ya miyendo, pa kapaipi ka diripi kokhalitsa, kapena m'mitsempha ikuluikulu yotulutsa magazi mu ubongo. Mwana amene ali pa mankhwalawa akayamba kudandaula mutu wosaleka, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, kufooka mbali imodzi kapena kukomoka, musadikire kuti kuche.

Mmisiri wachiwiri ndi pancreas, chiwalo chogona kuseri kwa chifu. Ambiri amachitcha kapamba, ngakhale dzinali timatchuliranso chiwalo china chimene chimatupa ndi malungo, choncho ndi bwino kufunsa dokotala kuti akunena chiti. Pa kukula kwake, palibe chiwalo chomanga mapuloteni mwachangu kuposa ichi, popeza chimathira madzi ogaya chakudya m'matumbo tsiku ndi tsiku. Chikasokonezeka, madzi ogayawo amayamba kuchidya chokha. Wodwala amamva kupweteka koopsa pamwamba pa mchombo kopyoza kumsana, ndipo amasanza. Kafukufuku wosiyanasiyana amapeza vutoli mwa odwala apakati pa 2 ndi 18 mwa 100 alionse. Likakhala lalikulu, madokotala nthawi zambiri sabwerezanso mankhwalawa. Chiwalo chomwechi chimapanga insulini, imenenso ndi puloteni, ndiye shuga amakwera, makamaka pamene wodwala akumwanso prednisolone kapena dexamethasone. Ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi ndizo zizindikiro zake.

Mafuta a m'magazi amathanso kukwera kwambiri. Amoniya uja wotsala podula asparagine akachuluka amabweretsa tulo, nseru ndi kusokonezeka mutu.

Ngati enzayimuyi ndi yaikulu moti siilowa m'selo, imafika bwanji ku khansa yobisala mu ubongo?

Siifika. Mpanda wotchinga ubongo suilola kudutsa. Koma asparagine ya m'madzi ozungulira ubongo ndi msana imachokera m'magazi, ndiye m'magazi mukauma, kumenekonso kumaphwa. Izi zimathandiza, ngakhale sizilowa m'malo mwa jakisoni wa pamsana amene ana a ALL amalandira.

Bwanji ena amatuluka ziwengo, ndipo bwanji pali mitundu ingapo ya mankhwalawa?

Chifukwa ndi puloteni ya bakiteriya, ndipo chitetezo cha m'thupi chimaiona ngati mdani. Jakisoni woyamba nthawi zambiri amadutsa bwino. Vuto limabwera pobwereza, makamaka patapita milungu yopuma, thupi litapanga kale asilikali olimbana nayo. Ena amatuluka zidzolo zoyabwa, milomo kutupa, kubanika, mpaka kuthamanga kwa magazi kugwa. Pa mtundu wakale wa E. coli, izi zinkachitikira mpaka wodwala mmodzi mwa atatu. N'chifukwa chake anamwino amamusunga wodwala pafupi kwa ola limodzi kapena kuposerapo akamubaya.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chosaoneka. Mwa odwala ena asilikali aja amagwira mankhwala n'kuwachotsa m'magazi mwakachetechete, popanda chidzolo ngakhale chimodzi. Mwana amabayidwa pa tsiku lake, kadi limalembedwa, aliyense akuganiza kuti zili bwino, pamene asparagine yabwerera kale ndipo khansa ikudya. Njira yodziwira ndi kuyeza mphamvu ya enzayimuyi m'magazi patapita masiku, ndipo zipatala zambiri za m'maiko osauka zilibe choyezera chimenechi.

Mitundu inabadwa pofuna kuthana ndi mavuto amenewa. Wakale uja theka lake limatha m'magazi pa tsiku limodzi ndi maola ochepa, choncho amabayidwa kangapo pa mlungu. Pegaspargase, wovomerezedwa ku America mu 1994, ndi enzayimu yomweyo itavekedwa chofunda cha mankhwala otchedwa PEG, chimene chimaibisa ku chitetezo cha m'thupi. Theka lake limatha patapita masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, moti jakisoni mmodzi amagwira milungu iwiri kapena itatu. Calaspargase, wa mu 2018, amakhalitsa kuposa pamenepo. Kwa amene thupi lawo lakana mitundu ya E. coli, pali wochokera kwa bakiteriya wina woola zomera, Erwinia, amene asilikali aja samuzindikira. Ameneyu amatha msanga zedi, theka lake m'maola osafika 24, ndiye amabayidwa pafupifupi masiku awiri alionse.

Kodi khansa imatha kuzemba njalayi?

Imatha. Maselo ena a khansa amatsegula chikombole chawo n'kuyamba kudziumbira. Ena amadyetsedwa ndi anansi. M'kati mwa mafupa, kumene ALL imakhala, muli maselo ochirikiza amene amaumba asparagine yambiri n'kuitulutsa kunja, ndipo maselo a mafuta amatulutsa asparagine ndi glutamine. Selo la khansa lokhala pafupi ndi mnansi wotere limapeza kadyedwe ngakhale magazi auma. Khansa zambiri za zotupa, monga za m'mawere, m'matumbo ndi khomo la chiberekero, zili ndi chikombole chogwira bwino, n'chifukwa chake asparaginase sagwiritsidwa ntchito pa izo.

Ndiye kodi wodwala khansa asale nyama, nyemba ndi mazira kuti khansa ife ndi njala?

Ayi, ndipo ndikupempha kuti yankho limeneli lifike kwa aliyense wosamalira wodwala. Asparagine thupi limaumba lokha. Mukasiya kudya zomanga thupi, chiwindi ndi ziwalo zina zipitiriza kuithira m'magazi, ndipo zikasowa zoumbira, thupi ligumula minofu yake. Khansa ipeza chakudya chake, wofota ndi wodwalayo. Mankhwala amatha kuumitsa magazi chifukwa amadula asparagine iliyonse yolowamo, yochokera m'mbale ndi youmbidwa m'thupi yomwe, usana ndi usiku. Palibe kadyedwe kangachite zimenezo.

Mphekesera imeneyi inakula mu 2018, pamene gulu la Greg Hannon ku Cambridge linalemba mu magazini ya Nature kuti kuchepetsa asparagine kunachepetsa kufalikira kwa khansa ya m'mawere pa mbewa. Manyuzipepala ena anathamangira kulemba ngati ndiwo ya asparagus imafalitsa khansa. Kafukufukuyo anali wa mbewa, ndipo sanauze munthu aliyense kuti asinthe zakudya.

Kuno kwathu ana ambiri amafika kuchipatala atawonda kale. Mwana wotere albumin yake ndi yotsika asanalandire n'komwe mankhwala amene aitsitsenso, ndipo thupi lake lilibe mphamvu zolimbana ndi matenda opatsirana. Akufunika phala la likuni, chiponde, mazira, mkaka, nsomba, monga achipatala alangizira. Kumumana zimenezi n'kumuchotsera mwayi wochira.

Kodi pali ma amino asidi ena amene akuyesedwa mwa njira yomweyi?

Alipo, koma palibe amene wafika pamene asparaginase anafika. Amene wayandikira ndi arginine. Khansa zina, monga ya chiwindi, ya pakhungu yotchedwa melanoma, ndi mesothelioma, imene imagwira chikuto cha mapapo mwa anthu amene anapuma fumbi la asibesitosi, nthawi zambiri zimataya enzayimu yotchedwa ASS1 youmbira arginine. Mankhwala otchedwa pegargiminase, ochokera kwa tizilombo ta Mycoplasma, amaphwanya arginine m'magazi. Pa khansa ya chiwindi, kafukufuku wamkulu wa odwala oposa 600 sanaonetse phindu. Pa mesothelioma, kafukufuku wotsogozedwa ndi Peter Szlosarek wa ku London, wa odwala 249, wofalitsidwa mu 2024, anapeza kuti amene anawonjezeredwa mankhwalawa pa kemo theka la iwo linafika miyezi 9.3 lili ndi moyo, pamene a kemo yokha inali miyezi 7.7. Ndi phindu lenileni pa matenda ankhanza, koma si kuchira. Arginine ili ndi vuto lina: maselo a chitetezo olimbana ndi khansa nawonso amaifuna kwambiri, ndiye njala ikhoza kufooketsa mdani ndi msilikali yemwe.

Enzayimu yophwanya methionine yakhala ikuyesedwa kwa zaka zambiri popanda kuvomerezedwa. Mankhwala otsekereza khansa kugwiritsa ntchito glutamine, telaglenastat, sanathandize pa kafukufuku wamkulu wa khansa ya impso. Maselo a zotupa ali ndi njira zambiri zopezera chakudya, mpaka kumeza mapuloteni athunthu owazungulira n'kuwagumula.

Nanga kwa ife kuno, nkhaniyi ikutikhudza pati?

Ana odwala khansa ku Malawi amalandira chithandizo makamaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo ALL ndi imodzi mwa khansa zisanu ndi imodzi zimene bungwe la WHO linaika patsogolo mu 2018, pamene linakhazikitsa cholinga chakuti pofika 2030 ana 60 mwa 100 odwala khansa padziko azichira. Asparaginase ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira, ndipo pegaspargase anawonjezeredwapo mu 2019, koma ndi wodula kwambiri, moti maiko ambiri osauka amadalira mtundu wakale.

Popeza ndi puloteni, amafuna furiji ya pakati pa madigiri 2 ndi 8 kuyambira kufakitale mpaka pa bedi la wodwala. Akatenthedwa amafooka, ndipo botolo silisintha maonekedwe. Kapangidwe kake nakonso n'kovuta. Mu 2023 atolankhani a Bureau of Investigative Journalism ku London anaulula kuti mitundu ina yotchipa, imene inapezeka yofooka kapena yosakanikirana ndi mapuloteni ena a bakiteriya, inatumizidwa kumaiko ambiri, ochuluka mwa iwo osauka. Mankhwala ofooka sapha selo la khansa, ndipo osakanikirana amadzutsa ziwengo msanga. Ogula mankhwala a boma ndi oyang'anira ubwino wake ayenera kufunsa umboni wa mphamvu ya botolo lililonse asanayang'ane mtengo.

Kholo silingayeze botolo, koma lili ndi mbali yake. Lisaphonye tsiku la jakisoni, chifukwa mankhwala akatha m'magazi asparagine imabwerera m'masiku ochepa. Likumbukire kuti pegaspargase amagwirabe ntchito milungu ingapo mwana atabwerera kunyumba, ndiye kupweteka m'mimba, mutu, chikasu kapena ludzu lodabwitsa zikhoza kuyamba ali kumudzi. Pothamangira kuchipatala chapafupi, litenge buku la kuchipatala la mwanayo n'kuuza adokotala dzina la mankhwala ndi tsiku limene anabayidwa.